Mwana Amene Sindinamuwerengetse

Tamanda mwana wanga,

Ana aweruka, ndatsala ndekha m'kalasi muno. Ndakhala pa desiki ya mwana wa Sitandade 7, mawondo akugunda thabwa. Ndasankha kulemba chifukwa kunyumba sindingathe. Ndikangoti ndiyambe nkhani, mlongo wako Yamikani amayamba kuyasamula dala, iwe n'kumati adadi atsegula msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi. Pepala lokha ndi limene silindidula pakamwa. Mawa m'mawa ukunyamuka kupita ku boma kukaphunzira ntchito ya kalembera wa anthu ndi nyumba, ndipo ukamaliza akakutumiza ku midzi ya ku Misuku, m'munsi mwa nkhalango ya Mughese. Ndakondwa, ndipo ndikukunyadira. Komabe ukachoka pakhomo paja padzangoti zii.

Ndisakunamize kuti ndalemba chifukwa cha malangizo okha. Lamlungu tikuchokera ku tchalitchi amayi ako anandiimitsa panjira, n'kundiuza kuti usatuluke pakhomo pathu kukafunsa amayi a eni ake za ana awo pamene za m'nyumba mwako sukuzidziwa. Iwe umadziwa kuti ndiwe woyamba kubadwa. Si choncho. Kunali mwana wina iwe usanabadwe, ndipo pa kalembera amene ine ndinagwira nawo ntchito, ndinamusiya osamuwerengetsa. Amayi ako akhala nayo nkhaniyi mumtima zaka zoposa makumi awiri. Ndikuuza zonse m'kalata muno, koma usadumphe masamba. Undilole ndizungulire kaye. Bambo akowa ndi amantha, ndipo zolakwa zing'onozing'ono ndiye zosavuta kuulula.

Ndiyambe ndi ulesi. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa ku Wenya, kuno kumpoto, mnyamata wa ku Ntcheu, Chitumbuka changa chikadali chotsimphina. Ife tinkalemba ndi pensulo pa mapepala, osati matabuleti anuwa. Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinatsala ndi nyumba imodzi, ili pamwamba pa chitunda kutsidya kwa khwawa. Miyendo inakana. Ndinafunsa bambo wina wa m'munsi kuti m'nyumba ijayo mumakhala ndani, iye anati nkhalamba imodzi yokha. Ndinalemba nditakhala pansi pa mtengo, dzina ndi zaka zomwe, zonse zochokera m'kamwa mwa mnansi. Patapita masiku awiri woyang'anira wathu anakwera chitunda chija, anapeza pachitseko palibe nambala ya choko, n'kudzanditenga ngati mwana wothawa sukulu. M'nyumbamo munali anthu asanu ndi mmodzi. Mwana wamkazi wa nkhalamba ija anali atabwerako ku ukwati ndi ana ake anayi, ndipo mnansi uja sankalankhula nawo chifukwa cha malire a munda.

Ndiye iwe mwana wanga, khomo lililonse ukalifike ndi mapazi ako. Ku Misuku zitunda zake si za ku Wenya, kumeneko ukapuma kawiri usanafike pamwamba. Nyumba zimabisala m'nthochi ndi m'minda ya khofi, mwakuti ungadutse pafupi osaziona. Ukaona kanjira kolowa m'nthochi, katsate. Tsiku loyamba ukaonekere kwa amfumu, uwaonetse chiphaso chako, ndipo upemphe munthu woti akuyendetse m'malire a dera limene lili pa mapu ako, kuti usalowe kwa mnzako kapena kusiya mzere wa nyumba pakati poganiza kuti ndi zake. Ukapeza chitseko chotseka, usafunse kwa mnansi n'kulemba. Anthu ali ku munda. Bwereranso m'mawa asanatuluke, ngakhale katatu.

Cholakwa chachiwiri chimandichititsa manyazi mpaka lero. Ndinafika pakhomo lina, ndinapeza bambo wachikulire atakhala pa mpando, ndi mtsikana akusenda chinangwa chapatali. Mkuluyo makutu anali atayamba kuvuta, ndiye ndinati ndifunse mtsikanayo. Ndinamuitana kuti asendere. Sanasendere, anangogwada pomwepo atatembenukira kumbali. Ndinamufunsa dzina la mwini khomo, kuloza mkulu uja. Anangoweramira chinangwa chake. Ndinafunsanso mokweza, ndi mawu aja ndimakalipira nawo ana ochedwa. Ndinaona misozi ikugwera pa chinangwa, ine mumtima n'kumati mwano wanji umenewu. Kenaka kunatulukira mayi wina kuchokera kuseri, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato, n'kundifunsa ngati kwathu ku Ntcheu kulibe apongozi. Mtsikanayo anali mkamwana wa pakhomopo, mkazi wa mwana wa mkulu uja. Kuno mkamwana satchula dzina la apongozi ake aamuna, ndipo salankhula momasuka iwo ali pomwepo. Ine ndinkamukakamiza kuti achite chinthu chimene akanachita mudzi wonse ukanamunena. Safunsa anadya phula, ndipo ine tsiku limenelo ndinalidya lambiri.

Iwe unabadwira kuno, zimenezi ukuzidziwa kuposa ine, koma tabuleti ikakhala m'manja munthu amaiwala. Ndimamva kuti ku Misuku mwambo umenewu ndi wolimba kuposa kwina. Dzina la apongozi ukalifunse kwa eni ake kapena kwa akazi awo. Mafunso a amayi ukafunse amayiwo paokha, kuseri kwa nyumba, utakhala nawo pa mphasa. Ndipo usayambe ndi mafunso. Yamba ndi moni wa kumeneko, "mwaghona", udikire akuyankhe, akufunse za kumene wachokera. Chisukwa chako, chilankhulo cha ku Misuku, ndikuchidziwa, n'chofanana ndi kuimba kwanga, koma akachimva adzaseka, ndipo munthu amene waseka nawe sakubisira zambiri.

Chachitatu ndi pakamwa panga. Pamudzi wina anthu anali ozizira nane. Ena ankati ndabwera kudzalemba za msonkho, ena anabisa alendo awo ochokera ku Zambia poopa kuti ndiwanenera. Pofuna kuti andimasukire ndinawauza kuti akandiyankha bwino, boma liwakumbira mjigo. Anandilandira ngati mkwati, anandiphera nkhuku. Mjigowo sunabwere. Mwa anthu amenewo muli mayi wina amene tsopano amagulitsa nyemba mu msika wa ku boma. Mutu wake wayera ngati wanga, koma akangondiona amakuwa m'Chitumbuka, anthu onse akumva, kufunsa aphunzitsi kumene kuli mjigo wawo: "Ŵasambizgi, mjigo withu uli nkhu?" Ukudziwa tsopano chifukwa chake nyemba ndimatuma Yamikani. Usalonjeze kanthu, Tamanda. Adzakufunsa ngati maina awo akupita ku makuponi a feteleza kapena ku chithandizo china. Uwauze zoona, kuti iwe ukungowerenga, kuti dziko lidziwe kuti anthu alipo angati ndipo akukhala bwanji, likamakonza za masukulu, zipatala ndi misewu. Mlendo amene anagona pakhomopo usiku umene adzakuuzani ku maphunziro umulembe monga adzakuphunzitsirani, kaya wachokera ku Tanzania kaya ku Zambia. Sindiwe wa kasitomu wolondera malire a dziko.

Pakamwa pomwepa panandipalamulitsanso kwina. Bambo wina ndinamupeza m'nyumba ziwiri, m'midzi iwiri, ndipo uku ndi uku mayi wa m'nyumbamo ankati ndi mwamuna wake. Za mitala si zachilendo, ungoonetsetsa kuti munthuyo wamulemba kamodzi. Koma apa mayi woyamba sankadziwa za mnzake. Ine madzulo ndinakasimbira mphunzitsi mnzanga tikusewera bawo, tinaseka mpaka misozi. Sabata isanathe nkhani inali itafika kwa mayi uja. Za banjalo sindikuuza, koma dziwa kuti sindinasekenso. Adzakulumbiritsani kuti musunge chinsinsi, ndipo usayese kuti ndi mwambo chabe. Zimene wamva pakhomo la munthu usauze mnzako wogona naye, usauze amfumu, usauze ngakhale ine, ngakhale ndikunyengerere chotani, paja ukundidziwa ndi nkhani. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Zina n'zazing'ono. Okalamba ambiri sadziwa zaka zawo, ndipo usangowayang'ana makwinya n'kulemba. Ine ndinapatsa gogo wina zaka makumi asanu ndi limodzi, kenaka mwana wake woyamba n'kundiuza kuti iye ali ndi makumi asanu ndi zinayi. Afunse kuti pamene dziko linkalandira ufulu anali atakula bwanji, kapena anakula ndi yani amene zaka zake zikudziwika. Banja si nyumba, ndi anthu amene amadyera pamodzi, ndiye pabwalo limodzi ungapeze mabanja atatu, kapena banja limodzi m'nyumba zitatu. Tabuletiyo uziitchaja paliponse pamene wapeza moto, usamaonerepo zithunzi. Tenga jekete yanga yakuda ija, ndikudziwa umati ndi ya agogo, koma ku Misuku nkhungu ikatsika udzaikonda. Dzuwa likamalowa uzikhala utafika kale kumene ukugona. Akakupatsa nthochi landira, uthokoze kuti "ndagha", ngakhale ukhale utadya kale pa makomo anayi.

Ndazungulira mokwanira. Tsopano imva.

Ine ndi amayi ako titakwatirana, ndinawatenga ku Ntcheu kubwera nawo ku Wenya. Anali ndi zaka makumi awiri, kutali ndi amayi awo, osadziwa chilankhulo. Chaka chotsatira anabereka mwana wamwamuna. Amayi a pamudzi anatithandiza kwambiri, sindingawanenere choipa. Anawasunga m'chikuta monga mwa mwambo, kudikira kuti mchombo ugwe, ndipo ine monga mwamuna sindinkalowamo. Tsiku lachiwiri mayi wina anatsegula chitseko pang'ono kuti ndisuzumire. M'katimo munali mdima, ndipo chimene ndinaona ndi kaphazi kokha katatuluka m'nsalu. Ndinapita kusukulu ndikuimba mluzu. Tsiku lachinayi mwanayo anatentha thupi. Chipatala chinali kutali, njinga ndinachita kukabwereka mudzi wina, ndipo pamene ndinkafika nayo pakhomo n'kuti zitatha.

Ukudziwa mmene zimakhalira khanda likapita lisanatuluke m'chikuta. Kwathu ndi kuno sizisiyana kwenikweni. Sipakhala bokosi, sipakhala nyimbo, uthenga supita kutali. Amayi akuluakulu anamukulunga, anakamuika okha, amuna sitinapiteko. Amayi ako anawauza kuti asalire mokweza ndipo asamamutchule, kuti angatseke njira ya ana ena. Ine anandiuza kuti ndizipita ku ntchito. Ndinapitadi, ndinakaphunzitsa masamu tsiku lomwelo. Mpaka lero sindidziwa pamene anamuika. Ndinadziuza kuti poti analibe dzina ndipo sindinamunyamulepo, ndiye kuti sizinachitike kwenikweni. Zinandithandiza ine. Sindinafunse ngati zinawathandiza amayi ako.

Kenaka unabadwa iwe, tinasangalala, ndipo uli ndi zaka ziwiri kunabwera kalembera uja. Nyumba yathu inali m'dera la mtsikana wina wa ku Karonga, wophunzitsa pasukulu yoyandikana ndi yathu, amene tinali naye limodzi ku maphunziro. Anafika Loweruka masana. Amayi ako anakhala pa mphasa atakubereka kumbuyo, ine ndinakhala pa mpando ngati mwini mafunso. Ndinkayankha iye asanamalize kufunsa, kudzionetsa kuti ntchitoyi ndikuidziwa. Denga la chiyani, madzi timatunga kuti, chimbudzi chilipo. Atafika pa mafunso a amayi, anatembenukira kwa amayi ako n'kufunsa kuti abereka ana angati amoyo chiyambire. Ine ndinayankha ndisanaganize, ndinati mmodzi, ndi ameneyu ali kumbuyoyu. Mtsikanayo anayang'ana amayi ako. Amayi ako anayang'ana pansi. Iye analemba.

Tamanda, sindingazembe ponena kuti sindinkadziwa. Ku maphunziro anatiuza mobwerezabwereza kuti mwana aliyense amene anabadwa n'kulira kapena kupuma, ngakhale kamphindi, amawerengedwa. Ine ndemwe ndinali nditafotokozera zimenezi amayi ena sabata yomweyo. Ana a eni ake ndinawalemba. Wanga ndinamusiya.

Madzulo ake amayi ako anandibweretsera madzi osamba, anawaika pansi, koma sanachoke. Anati: "Bambo a Tamanda, analiratu mwana uja. Ndinamumva ine. Anayamwa masiku anayi." Ndinawayankha kuti pepala lapita kale, ndipo zakale n'zakale, asadzutse zimene akuluakulu anagoneka. Anachoka. Sanaitchulenso nkhaniyi, ndipo ine ndinayesa kuti yatha.

Patapita zaka khumi kalembera anabweranso. Mwina ukukumbukira, iwe ndi Yamikani munakhala pakhonde mukusuzumira pepala la mlendo. Ulendo umenewo ndinatseka pakamwa, ndinati ayankhe okha. Funso lija litafika, amayi ako anakuyang'anani inu awiri, kenaka anandiyang'ana ine kwa nthawi yaitali, n'kunena kuti awiri. Anatsata bodza langa pofuna kuti ndisachite manyazi pamaso pa ana anga. Maso amenewo ndimawaonabe. Ndinawalakwira amayi ako, ndipo ndakulakwira iwenso pokubisira. Ngati wakwiya nane, uli ndi chifukwa.

Tsono ukamakafunsa funso limeneli, mwana wanga, ukumbukire kuti si funso ngati la denga kapena la chimbudzi. Amene amaphatikiza manambala amafuna kudziwa kumene makanda akutha, kuti chipatala chisakhale kutali ngati mmene chinalili kwa ife, ndipo mwana amene sanalembedwe sangawauze kanthu. Koma palinso china chimene ku maphunziro sakakuuza. Kuli amayi ambiri amene anauzidwa kuti akhale chete, ndipo palibe anawafunsapo za mwana wawo, ngakhale amuna awo. Iwe mwina ukhala woyamba. Mwamuna akayamba kuyankha, umuthokoze mwaulemu, umuuze kuti mbali imeneyi ndi ya amayi. Ana uwatume akasewere. Mayi akakupatsa nambala, usathamangire kulemba. Umufunse pang'onopang'ono ngati panali wina amene analira n'kupita msanga, ngakhale analibe dzina. Akakhala chete, iwenso khala chete, usayang'ane tabuleti. Akalira, musiye alire, ntchito siithawa. Akakana kunena usamukakamize, koma asakane chifukwa choti iwe unali pa changu. Ndipo khanda limene lili moyo m'chikuta usalisiye, anthu salitchula msanga, ulifunse.

Amayi ako anena kuti chaka chino wowerenga akafika pakhomo pathu, iwo adzanena atatu, kaya ine ndikhalepo kaya ndisakhalepo. Ndawauza kuti ndidzakhalapo. Koma sindikufuna kuti munthu woyamba kumva zimenezi akhale mlendo wovala chiphaso pakhosi. Ndiye ndikupempha chinthu chimodzi, ndipo si lamulo la aphunzitsi, ndi pempho la bambo ako.

Kalatayi ndikupatsa tikamaliza kudya madzulo ano. Mawa m'mawa ine ndi Yamikani tidzapita ku msewu kukakufunira njinga yamoto, ndipo panjira ndidzamuuza iyenso. Tidzachedwa dala. Iwe usatanganidwe ndi chikwama. Uyale mphasa kuseri kwa nyumba, uwaitane amayi ako, ukhale nawo pansi. Munthu woyamba amene udzamufunse pa ntchito yako yonse akhale iwowo. Uwafunse monga momwe udzafunsire amayi a ku Misuku, kuti abereka ana angati amoyo chiyambire. Kenaka udikire.

Pali chinthu china chimene anandiuza Lamlungu lija panjira. Anati mwanayo anali ndi dzina. Anamupatsa okha m'chikutamo tsiku lachitatu, osauza munthu, ndipo akhala akumutchula nalo mumtima zaka zonsezi. Atanena zimenezi anaima, akundiyang'ana, kudikira kuti ndifunse. Ine ndinayang'ana nsapato zanga, ndinati tiyeni, dzuwa lakwera. Mwamuna wa imvi, mphunzitsi wamkulu, woti ndafunsapo mazana a anthu maina a ana awo, ndinalephera kufunsa dzina la mwana wanga.

Ndikudziwa kuti iwe adzakuuza. Ukalimva ulisunge, upite nalo ku Misuku, ndipo Mulungu akuyendetse bwino m'zitunda zimenezo. Koma usandiuze, ngakhale pa foni, ngakhale ndikufunse. Ndikabwerako kokuperekeza ndidzakhala pa mphasa pomwepo, ndidzawafunsa ndekha.

Ndine bambo ako, amene amakukonda kuposa mmene amanenera.